Agogo akuti Catherine sanamwalire

Tulo takana lero. Ndawakhumudwitsa agogo aja ndimawasamalira masana kuno ku Leeds, ku England, ndipo chandipweteka kwambiri ndi chakuti sindinaname ayi, ndanena zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Agogowa amakonda Beauty and the Beast, osati katuni ija ya ana, koma ya pa TV ya ku America yomwe inayamba 1987 pa CBS. Linda Hamilton ndiye Catherine, loya wa ku New York, ndipo Ron Perlman ndiye Vincent, munthu wa nkhope ngati mkango amene amakhala m'mapanga pansi pa mzindawo pamodzi ndi anthu ena omwe dziko la pamwamba linawataya. Kumeneko uthenga amatumizirana pogogoda mapaipi. Miyezi yapitayi takhala tikuonera limodzi ma DVD awo tikatha nkhomaliro, gawo limodzi patsiku, iwo bulangete m'miyendo ine ndikupinda zovala. Poyamba ndinkangoti bola nthawi ipite, koma kenako ndinazindikira kuti ndasiya kupinda, ndangogwira pilokesi m'manja kudikira kuti Vincent atulukira pakhonde la Catherine liti. Mawu ake aja akamamuwerengera ndakatulo, eee, inu.

Ndiye titamaliza sizoni yachiwiri agogo anangobwezeramo disiki yoyamba. Ndinafunsa kuti nanga yachitatu, anati palibe. Ine mtima sunakhazikike, Lamlungu ndinaifufuza ndekha pa foni ndikuonera mpaka usiku. Catherine agwidwa, abereka mwana wa Vincent, amubaya jakisoni, kenako afera m'manja mwa Vincent. Ndinalira ngati maliro a pamudzi.

Lero ndikuwapatsa tiyi ndangoti agogo, ndaonatu, bwanji simunandiuze kuti Catherine amamwalira? Kapu anaiika pansi pang'onopang'ono, osamwako. Anati m'nyumba muno Catherine sanamwalire. Ine osamva msanga, ndapitiriza kuti komatu ndaona ndekha, mpaka kwabwera mayi wina wapolisi, Diana. Pamenepo ndiye nkhope inasinthiratu. Anandituma ndikatenge katoni pansi pa bedi.

Mukatonimo muli timabuku tambirimbiri, tolembedwa pa taipi, tochita fotokope, ena mapepala anachita kufiira ndi ukalamba, ma stepulo adzimbiri. Nkhani zolemba owonera okha, zojambula ndi pensulo, Vincent ndi Catherine akwatirana, ali ndi ana, akalamba limodzi. Anandiuza kuti Linda Hamilton atachoka mu 1989 ali woyembekezera, olemba anasankha kumupha Catherine, ndipo owonera anagawanika pawiri, ena analandira, ena anakaniratu mpaka lero. Pulogalamuyo inatha 1990 koma iwo sanasiye kulemberana makalata, kukumana pa misonkhano yawo, ndipo pano chaka ndi chaka amachita Winterfest pa intaneti, phwando lija la makandulo la anthu a m'mapanga. Kandulo ya pawindo la agogo ija ine ndinkayesa ya magetsi akazima, mutu wanga ukadali ku Ndirande.

Nkhani ziwiri m'menemo analemba ndi agogowo. Anandionetsa ndi chala chonjenjemera, osandilola ndigwire.

Ndinapepesa, anati palibe kanthu, koma lero sitinaonere. Anati atopa.

Pa basi pobwerera ndinali wokwiya, sindibisa. Ndimati zaka zoposa 35, munthu wamkulu kukana imfa ya munthu amene sanakhaleko n'komwe? Mmodzi wa olemba pulogalamuyo anali George R. R. Martin, yemwe uja wa Game of Thrones, ndiye imfa m'nkhani si zachilendo. Mkwiyowo unanditengera mpaka pa sitolo, ndagula buledi, ndafika m'chipinda, ndatsegula WhatsApp kuti ndiwauze achemwali anga zimenezi, ndiye pamwamba penipeni pali nambala ya amayi, yomwe ndinaipina kalekale.

Amayi anatisiya chaka chatha ndili kuno. Maliro ndinaonera pa foni, netiweki ikudukaduka, nyimbo ikumveka theka. Manda sindinawaone. Voisi noti yawo yomaliza akundifunsa ngati ndalandira ufa ndi usipa umene anapatsira munthu, ndimaimvera pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nthawi zina ndikamayenda ndimayamba kukonza m'mutu zoti ndikawauze Loweruka. Achemwali anandiuza kuti ndiifufute nambalayo chifukwa tsiku lina adzaipatsa munthu wina, ndinawakalipira mpaka sitinayankhulane sabata ziwiri.

Sindinawalembere achemwaliwo. Buledi ali pompo patebulo.

Mawa ndilowa 11 koloko. Ndikuganiza zongofika n'kuika disiki yoyamba osanena kanthu, ija Vincent amamutola Catherine ku Central Park atavulazidwa, nkhope yonse mabandeji, sakumuona koma akungomva mawu ake. Kapena ndiwapemphe andiwerengere imodzi mwa nkhani zawo zija, ngati angalole, kaya