Kiyi akutembenuka koma galimoto osalira

Ine ntchito yanga ndi zamagetsi a galimoto kuno ku Luwinga mu Mzuzu, koma sabata ino anthu andisandutsa wamakiyi.

Lolemba anandiitana ku Chibavi. Bambo ena ali ndi Toyota ya ku Japan, mwa zija zimalowera pa Songwe ndi kiyi mmodzi yekha, ndiye anakadulitsa wina kumsika kuti apatse mayi akunyumba. Kiyi watsopanoyo chitseko akutsegula, pa switchi akutembenuka, sitata ikugunda bwinobwino, injini osalira. Pomwe ndimafika anali atabwereka kale batire la aneba, wina atawanamizanso kuti pampu ya mafuta yafa.

"Bambo, tandibwerekani kiyi wakale uja."

Kungotembenuza kamodzi, yalira.

Wodula uja sanalakwitse mano ayi, kungoti galimoto zamasiku ano siziyang'ana chitsulo chokha. M'mutu wapulasitiki wa kiyi muli kachipu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kopanda batire. Pozungulira pomwe mumalowetsa kiyi pali koyilo, kawaya kokulungakulunga. Mukatembenuza, koyiloyo imatulutsa mafunde ofooka, a 125 kHz pa galimoto zambiri, kachipu n'kutapa mphamvu pomwepo n'kuyankha nambala yake. Kompyuta ya galimoto ikaizindikira nambalayo imalola mafuta ndi moto kupita ku injini. Ikapanda kuizindikira, kanyali ka pa dashibodi kamangophethira, olo mukankhe mpaka ku Ekwendeni.

Lachiwiri ndi Lachinayi zinali za masiku onse: alternator, mawaya opsa, nyali za minibasi.

Lachitatu, mvula ili waa, anakoka Honda Fit kuchokera ku Katoto. Mayi eni galimotoyo anati galimoto yangofa yokha atagula chikuto chatsopano cha kiyi, chakale chitasweka. Anasamutsa chitsulo ndi mabatani a rimoti, kachipu n'kutsalira m'chikuto chakale. Iwo ankaganiza kuti batire la rimoti ndi limene limachititsa kuti galimoto ilire, chonsecho lija ndi la zitseko basi.

"Mayi, chakale chija mwataya kuti?"

Mwana wawo anakachitola kudzala chili matope okhaokha, kachipu kali phee pakona pake. Ndinawalipiritsa ya mafuta anga okha.

Lachisanu kunabwera achimwene ena amene makiyi onse awiri anamira kunyanja ku Nkhata Bay. Kiyi mmodzi akakhalapo, kulembetsa wina m'kompyuta kudzera pa soketi ya OBD, yolumikizirapo makina oyezera galimoto, pansi pa chiwongolero sikutenga nthawi. Onse akasowa, pa galimoto zina mpaka kuchotsa bokosi la immobilizer, lomwe limazindikira nambala ya kachipu, kuseri kwa dashibodi n'kuliwerenga patebulo. Nditatchula mtengo anagwira pakamwa, n'kufunsa ngati sindingangodula mawaya a immobilizer ajawa. Ena amamata kachipu pa koyilo ndi tepi kuti kiyi aliyense azilizira, koma ine zimenezo ndimakana, chifukwa wakuba naye akadulitsa wake kumsika konkuja.

Galimotoyo ikadali pagalaja. Akuti abwera mwezi ukatha.