Loweruka: mafuta auma, Telecaster yalira

Thupi la gitala yamagetsi yomwe ndikumanga lakhala likulendewera pawaya sabata ziwiri chipakireni mafuta omaliza. M'mawa uno ndakanikiza chikhadabo m'mphako molowa khosi, mosaonekera, ndipo sichinasiye chipsera. Ndiye kuti lauma. Kit yake (zigawo zolumikiza wekha) ndi ya mtundu wa Telecaster, thupi la mtengo wa ash, khosi la maple.

Ash ali ndi timayenje tambiri m'mizere yake, choncho grain filler, phala lotseka timayenjeto, analowa kaye nditakwecha ndi sandipepala wa 180, 220 ndi 320, motsata mizere ya mtengo. Pamwamba pake ndinapaka mafuta a Tru-Oil maulendo 12 ndi kansanza, pang'onopang'ono, kamodzi patsiku. Komabe m'mphepete mwa munsi mwapezeka mkanda wa mafuta pomwe anachulukira. Mafutawa amauma akakumana ndi mpweya, ndiye akaunjikana amachita khungu pamwamba mkati muli phala, makamaka kukakhala chinyezi. Mkandawo ndausalaza ndi sandipepala wonyowa wa 800 wokulunga pa kathabwa. Ndi chala chokha mukumba dzenje. Kenako steel wool ya 0000 thupi lonse, kuti kuwala kukhale kofatsa.

Steel wool imasiya tizitsulo tosaoneka, ndipo ma pickup, tizipangizo totola mawu a nsambo, ali ndi maginito. Achotseni m'chipindamo, musese, mupukute, ndiye muwabweretse. Nsanza zamafutazo musaziunjike pamodzi, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena muziviike m'madzi.

Masana, khosi. Linakana kulowa chifukwa mafuta anadontha m'makoma a mphako. Ndinapala ndi lezala mpaka linalowa ndi dzanja lokha. Hamala ayi, ngodya ya mphakoyo imang'aluka msanga. Ndisanalimbitse ma screw anayi ndinamanga nsambo ziwiri zakumapeto kuti ndione ngati zikuyenda mofanana ndi m'mbali mwa khosi. Kuchokera pa nut (kachidutswa kodutsapo nsambo kumutu kwa khosi) kufika pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi) pali mamilimita 324, ndipo kufika pa saddle ya nsambo yaing'ono, pomwe nsambo imatsamira pathupi, pafunika pafupifupi 648.

Mawaya ake si ambiri: ma pot (zopotoza za volume ndi tone) awiri a 250k, capacitor ya 0.047, ndi switch ya malo atatu yosankhira pickup. Nditalumikiza ku amp panamveka kung'ung'uza kosatha ngakhale nditagwira nsambo. Waya wa ground wopita pansi pa bridge, chitsulo chonyamula ma saddle, sunali kukhudza chitsulocho bwino. Ndinausendanso, ndinamwaza tiwaya take ngati tsache, bridge n'kuupanikiza. Phokosolo tsopano limachepa dzanja likangokhudza nsambo. Lotsalalo ndi chibadwa cha ma pickup a mtundu wa single coil.

Madzulo ndinaika nsambo za 10-46 n'kuchuna. Capo (kopanira nsambo) pa fret yoyamba, chala pa fret yomaliza, mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 8 unali waukulu. Truss rod, chitsulo chowongolera khosi cha mkati mwake, ndinaipotoza kota imodzi yokha, n'kudikira mphindi 30, mpatawo unatsika kufika mamilimita 0.25. Kutalika kwa nsambo pa fret ya 17 ndaika pa mamilimita 1.6. Nsambo ya G inkakwera mawu pa fret ya 12, ndiye saddle yake ndaibweza kumbuyo, kutalikira khosi. Popeza saddle imodzi imanyamula nsambo ziwiri, D yatsika pang'ono, ndipo ndazisiya pakatikati.

Timipata ta nut tikadali tosazama, chord ya F ikulimba m'zala. Mawa ndi ntchito ya tupa, khosi likagona usiku umodzi nsambo zili chikokere.