Mmene tinaphunzitsira kompyuta kutigwirira mawu obwerezabwereza

Bizinesi yathu tinaiyamba awiri, ine ndi mchemwali wanga, tili ndi laputopu imodzi ndi pulinta basi. Ntchito inali yotayipira anthu zolemba pamanja, malipoti, makalata ofunsira ntchito, mapulopozo a timabungwe ting'onoting'ono. Koma yotayipa inayamba kuchepa, poti masiku ano aliyense amatayipa yekha, ena pafoni pomwe, ndiye munthu amangobwera ndi fayilo yake nkumati tangondionerani ngati zili bwino. Tinaona kuti ndalama yasamukira kokonza zolemba ndipo tinalowera komweko.

Chimene chinatidabwitsa nchoti vuto lalikulu la anthu si masipelo ayi. Ndi mawu amodzimodzi obwera ndime iliyonse. Wina wake ndi "komanso", chiganizo chilichonse komanso, komanso, mpaka owerenga kutopa. Wina "choncho", wina "kwambiri", olemba Chingerezi "however" ndi "very". Mwini wake saona, ndipo si kupusa, maso amazolowera zimene dzanja limakonda. Ngakhale ife okonza tikafika peji 40 timakhala titazolowera kalembedwe ka munthuyo moti mawu aja amangotidutsa.

Word payokha sithandiza kwenikweni pamenepa. Ili ndi kabokosi ka Flag repeated words, koma imangogwira liwu likabwera kawiri motsatizana. Pa Chichewa ndiye imalakwitsa, ukalemba "pang'ono pang'ono" kapena "bwino bwino" imati wabwereza, pamene ndi mmene timayankhulira. Liwu lobwera kasanu m'ndime imodzi siliona nkomwe.

Tinayamba ndi Ctrl+F, imene kuyambira Word 2010 imatsegula kagawo kumanzere nkukuuza kuti liwulo lapezeka kangati. Kenako Ctrl+H, imene imatsegula kabokosi kosakira liwu nkulisintha. Pamwamba ulemba liwu lija, pansi ulemba ^& kutanthauza kuti lisasinthe, usankha Format kenako Highlight, Replace All, basi malo onse achikasu. Ukachepetsa zoom kuti mapeji angapo aoneke limodzi umaoneratu pamene chikasu chaunjikana. Nambala payokha ine sindiidalira, "komanso" 60 mu lipoti lalitali akhoza kukhala bwinobwino, koma asanu ndi mmodzi m'ndime imodzi ndiye vuto, ndipo zimenezi umaziona ndi maso.

Koma izi ndi zapambuyo munthu atalemba kale. Kasitomala wina amene amatibweretsera malipoti pafupipafupi anafunsa kuti kodi achimwene, palibe njira yoti kompyuta izinditsina pomwe ndikulemba pomwepo? Funso limeneli ndi limene linasintha bizinesi yathu.

Pa Chingerezi njira ilipo ndipo anthu ambiri saidziwa. Word ili ndi dikishonale yokana mawu, kafayilo kobisika mu foda ya UProof mkati mwa AppData, dzina lake ExcludeDictionaryEN0409.lex ngati mukulemba Chingerezi cha ku America, cha ku Britain imathera ndi 0809. Mutsegula ndi Notepad, mulemba liwu limodzi pa mzere uliwonse, musunga, mutseka Word nkutsegulanso. Kuyambira pamenepo liwu lililonse la pamndandandawo limatuluka ndi kamzere kofiira pansi ngati mwalakwitsa sipelo, nthawi yomweyo mukangomaliza kulitayipa. Muyenera kulemba maonekedwe onse a liwulo, "seem" payekha sagwira "seems" kapena "seemed". Amene amagwiritsa LibreOffice Writer zili chimodzimodzi, popanga dikishonale yatsopano pali kabokosi ka Exception kochonga.

Pa Chichewa mpamene mutu unatiwawa. Word ilibe dikishonale ya Chichewa, peji yonse imakhala yofiira kale, ndiye kamzere kena kofiira kaoneka bwanji? Mchemwali wanga ndi amene anatulukira zogwiritsa AutoCorrect, gawo la Word limene limasintha lokha mawu pomwe ukutayipa. Utayipa "komanso", ulipaka chikasu, ulisankha, upita ku AutoCorrect Options nkusankha Formatted text, kenako uiuza kuti ukalemba "komanso" izibwezeretsa "komanso" yemweyo koma wachikasu. Ukamalemba ukangomenya sipesi, chikasu chija mbee. Pomaliza Ctrl+A, No Color, zonse zachoka.

Izi zimagwira bwino pa mawu osasintha ngati choncho, ndithu, kwambiri. Koma aneni athu amavala zambiri kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu wokonda liwu loti "kunena" alemba ananena, akunena, adzanena, ponena, amanenanso, kompyuta nkumawawerenga ngati mawu osiyana pamene khutu la owerenga likumva chinthu chimodzi. Mapulogalamu owerenga kuchuluka kwa mawu amene ali pa intaneti amagwa pomwepa, anapangidwira zilankhulo zimene mawu ake sasintha kwambiri chonchi. Ndiye ife timasaka tsinde. Mu Find uchonga Use wildcards, imene imalola zizindikiro kuimira zilembo zilizonse, nkulemba <[a-z]@nena> ndipo imagwira onse othera ndi nena. Kumbukirani kuti wildcards imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, liwu loyamba chiganizo likuthawani mukapanda kulemba [A-Za-z]. Kenako tinalemba macro yaing'ono, kapulogalamu kogwira ntchito mkati mwa Word, Alt+F11 imatsegula kolembera kwake, imene imatenga mndandanda wa matsinde nkupaka onse kamodzi, batani limodzi basi. Iyi siyaka pomwe ukulemba, koma kuidina ukamaliza peji iliyonse sikutenga nthawi.

Chimene ndimalimbikira kwa aliyense nchoti mndandanda ukhale wa munthuyo. Pa intaneti pali mindandanda yaitali ya mawu oti osagwiritsa ntchito, ukaikoperamo yonse peji imadzadza mizere, tsiku lachiwiri maso asiya kuiona ngati mmene timasiyira kumva wotchi ya pakhoma. Ife timatenga zolemba zakale za kasitomala, kuziwerenga, nkutulutsa mawu osapitirira 10 amene ndi akeake. Ndipo timamuuza kuti chikasu sichikutanthauza fufuta. Mu lipoti la zachuma "ngongole" ikhale "ngongole" paliponse, ukayamba kusinthasintha kuti zikome owerenga aganiza kuti ukunena zinthu ziwiri. Zimandipweteka ndikaona munthu wachotsa "komanso" aliyense nkuika "kuonjezera apo" paliponse, matenda omwewo angosintha malaya. Nthawi zambiri chofunika ndi kudula chiganizo pawiri, kapena kungochotsa liwulo osaikapo kanthu.

Mchemwali wanga poyamba ankadandaula kuti tikawaikira anthu zimenezi m'malaputopu mwawo sadzabweranso. Sizinatero. Amabwerabe, koma zolemba zawo zimafika zoyera ndipo nthawi yathu imapita ku zinthu zimene kompyuta singathe, monga ngati mfundo zikutsatana bwino. Ena amatitumizira anzawo a kuntchito kuti nawonso tiwapangire mndandanda. Pano ndi gawo lake la bizinesi, ndipo pakapita miyezi timawaitana kuti tionenso, chifukwa munthu akasiya "choncho" amapeza lina lolikonda. Kasitomala uja anafunsa funso lija pano tikulimbana naye pa "motero".