Abakha a ku Seahouses andidyera maulendo atatu

Ndangomaliza kusankha zithunzi za Loweruka, mwa zithunzi 600 ndi kanthu zabwino zatuluka 9 basi, koma mtima uli m'malo chifukwa unali ulendo wachitatu. Nkhani yake ndi ya abakha a m'nyanja ya mchere otchedwa eider, amayandama padoko la Seahouses ku England, kumpoto kwa Newcastle komwe ndikukhala. Eni dera amati Cuddy's duck, ati chifukwa Cuthbert Woyera amene anakakhala pachilumba cha Inner Farne mu 676 ankawateteza. Wamwamuna ndi woyera mbee kumsana, wakuda bii kumimba, kunkhongo kobiriwira, wamkazi ndi wabulauni ngati thadzi lakumudzi.

Ulendo woyamba ndinapita mu July, ndipo ndi umene ukundipwetekabe. Lenzi yanga imathera pa 200mm ndiye ndinakabwereka ya 400mm, yokoka zinthu zakutali kwambiri, pashopu ina, £45 ya weekend kuphatikiza dipoziti ya £300 yomwe anaigwira pakhadi, ndalama ya renti imeneyo abale. Ndinatenga off kuntchito, kudzuka mbandakucha, basi maola awiri ndi kupitirira, kufika padoko ndikungoona tiabakha takudakuda tamawangamawanga ngati tagwera mu oilo. Ndinazungulira doko lonse kufunafuna oyera aja mpaka madala ena amene anali ndi ma binoculars anandimvera chisoni nkundiuza kuti ndi omwewo, nyengo yotentha amuna amathothoka nthenga nkukhala akuda, kuyera kumabwerera kukayamba kuzizira. Mxii. Mnyamata wa pashopu uja ndinamuuza bwinobwino zomwe ndikukajambula, iye kumangogwedeza mutu uku akuswaipa khadi. Pobweza lenzi ati pali kamchenga pa hood, chotchingira dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, dipoziti ikhala kaye ayiwunike, inatha masabata awiri ndikuyimba foni tsiku ndi tsiku. Kamchenga! Ndiye musapite July kapena August, pitani pakati pa December ndi April.

Wachiwiri unali wa February ndipo abakha analipo oyera bwino, amuna akulira kuti a-uuu ngati azimayi amva miseche pachigayo kkkk. Ndinajambula mpaka batire kutha, pa screen ya kamera zimaoneka bho. Kufika kunyumba kutsegula pa kompyuta, msana wa bakha aliyense wapsa, kungoti mbee ngati pepala opanda nthenga ngakhale imodzi yooneka. Chimachitika ndi chakuti kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ikaona madzi akuda ambiri imaganiza kuti kuli mdima nkuwonjezera kuwala, bakha woyera uja nkupsa. Zoyera zikapsa sizibwerera, olo muli pa RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula. Ndiye tsitsani exposure compensation, pomwe mumauza kamera kuti ichepetse kuwala (minus) kapena iwonjezere (plus), yambani pa -1, jambulani chimodzi muone. Yatsaninso highlight warning mu menu, malo opsa amaphethira pa screen, akamaphethira pamsana tsitsaninso mpaka asiye. Amene munayesapo kujambula nkhwazi ku Mangochi masana mukudziwa, mutu woyera uja umapsa chimodzimodzi.

Ndaiwala, tsiku limenelo ndinalakwitsanso nthawi. Gombe la kumeneko limayang'ana kum'mawa, ndiye m'mawa dzuwa limakhala kumaso kwanu ndipo madzi amanyezimira, apa kamera imachita zosiyana, imachepetsa kuwala bakha nkutuluka ngati chithunzithunzi, pamafunika plus. Masana dzuwa likapendeka limakhala kumbuyo kwanu, diso la bakha limagwira kakuwala ndipo chithunzi chimakhala chamoyo. Kungoti nyengo yozizira kumada msanga, December isanakwane 4 koloko dzuwa lalowa, musamachedwe mu shopu ya chips ngati ine.

Loweruka lapitali sindinabwereke kalikonse, ndinapita ndi 200mm yanga yomweyo chifukwa abakha a padokopa anazolowera anthu, amabwera pafupi okha, £45 ija inangolowa m'madzi. Ndinaona kaye nthawi ya tide pa foni, madzi akadzadza amafika kufupi ndi potsetsereka pomwe amatsitsira maboti. Shutter, nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala, ndinaika 1/1000 ya sekondi kwa oyandama, akayamba kukupiza mapiko kapena kuuluka 1/2000, ISO, mphamvu yomwe kamera imagwirira kuwala, ndinaisiya pa auto. Ndipo minus ija, musaiwale minus, ndinakhala pa -1 pafupifupi tsiku lonse, kupatula pojambula akazi abulauni pomwe ndimabweza pa 0.

Chomwe chinasintha zithunzi kwambiri ndi kugona pansi. Maulendo awiri aja ndimajambula nditaima pamwamba pa khoma la doko, zithunzi zonse ndi misana ya abakha ndi madzi mbali zonse ngati ndikuwerenga ziweto. Ulendo uno ndinayala pulasitiki ya zinyalala pa simenti yonyowa nkugona chafufumimba, kamera pafupi ndi madzi, diso langa ndi la bakha mulingo umodzi, kumbuyo konse kunasungunuka bwinobwino bakha nkuonekera yekha. Focus ikhale padiso osati paphiko. Bakhayo musamuike pakatikati, musiyireni malo kutsogolo komwe akupita, ndipo yang'anani kumbuyo kwake musanadine, chithunzi changa chimodzi chokongola chili ndi chingwe cha buluu cha boti chotulukira pamutu. Amamira kukatola nkhono pansi nkumeza ndi chigoba chomwe, ndiye akamira musatsitse kamera, dikirani pomwepo, akavuuka madzi amayenderera pamutu, zitatu mwa 9 zija ndi zimenezo.

Pulasitiki ija inang'ambika, jinzi inanyowa mpaka m'kati, m'basi pobwerera mayi amene anakhala pafupi nane anasamukira mpando wina chifukwa cha fungo la ndere. Highlight warning ija mpaka pano sindinaizimitse.