Mmene ndinatsukira ekizozi ya njinga yanga ya trials

Njinga yanga yamoto ya trials, ya masewera okwera pamiyala ndi pazitsa, inayamba kufooka pang'onopang'ono. Ndikafuna kudumphira pamwala, injini inkayankha mochedwa, ndipo kumapeto kwa ekizozi kunkadontha oyilo wakuda bii. Pulagi ndi kabuleta ndinaziona, zonse zinali bwino. Vuto linali mu ekizozi.

Njinga zambiri za trials zili ndi injini ya two-stroke, imene oyilo wake timasakaniza ndi petulo. Ine ndimathira gawo limodzi la oyilo pa magawo 80 a petulo. Komatu njinga zimenezi sitithamanga nazo. Timangokwawa pamiyala ndi pazitsa, choncho ekizozi siitentha mokwanira kuti ipsereze oyilo yense. Wotsalayo amakhazikika mkati, nkusakanikirana ndi mwaye.

Nditadikira kuti injini izizire, ndinamasula zigawo zonse zitatu: paipi yochokera pa silinda, bokosi lapakati ndi sailensa yakumbuyo. Pakamwa pa silinda ndinatsekapo ndi kansalu koyera kuti zinyalala zisalowe kwa pisitoni.

Paipi yakutsogolo inali itatsekeka pakhosi ndi mwaye wouma gwa ngati makala. Poti ndi yachitsulo, ndinainyika usiku wonse m'madzi a kositiki soda, nditavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Apa ndikupempheni: musayerekeze kuika chigawo cha aluminiyamu m'madzi amenewa, chifukwa soda imadya aluminiyamu. M'mawa ndinapititsa chingwe chakale cha kilatchi mkati, nkumachizunguza ndi dirilo, ndipo zibuma za mwaye zinayoyoka. Pafupi ndi pokhotera ndinapeza mng'alu waung'ono ngati tsitsi. Ndinaboola timabowo kumapeto ake onse awiri kuti usapitirire, kenako ndinawotcherera.

Ntchito yeniyeni inali mu sailensa. Nditachotsa maliveti nkusolola chamkati, ndinaona chimene chinkapha njinga yanga. Ubweya wa galasi umene umakulunga kapaipi ka mabowo uyenera kukhala wouma ndi wofewa kuti uzimeza phokoso. Wangawu unali nyowe, wolemera, wonata ngati phula, moti ndinachita kuukanganula ndi sikuludilaiva. Timabowo ta kapaipi tambiri tinali titatsekeka. Ndinakhala pansi ndi burashi ya waya ndi kamsomali, nkumatsegula kamodzikamodzi mpaka kuwala kunayamba kuonekera mbali zonse. Pamenepa mpamene anthu ambiri amafulumira, koma ubweya watsopano pa kapaipi kotsekeka sungathandize kanthu.

Pokulunga watsopano ndinasamala kuti ndisauthinitse kwambiri. Ukapanikizika umauma ngati thabwa ndipo phokoso limangodutsa; ukalekerera, mpweya wotentha umauuluza msanga. Ndinaumanga ndi tepi yapepala kuti ulowe bwino m'chikopa chake.

Bokosi lapakati ndi la aluminiyamu ndipo ndi lowotcherera mbali zonse. Ndinalicheka motsatira msoko, ndinasintha ubweya, nkukalipereka kwa katswiri wowotcherera ndi makina a TIG, poti aluminiyamu ine sindiitha.

Pobwezeretsa ndinaika gasiketi yatsopano ndi mphira zatsopano za O-ring polumikizira, nkupakapo silikoni wopirira moto. Mabawuti onse ndinayamba ndawamanga molekerera kuti zigawo zikhale m'malo mwake popanda kukokana, kenako nkulimbitsa kuyambira kutsogolo.

Nditailiza njingayo, inatulutsa utsi kwa mphindi zochepa, kenako mawu ake anatsika nkukhala ofewa. Ndinapita nayo pamwala umene unkandikana uja, ndipo nditangotsegula mafuta pang'ono, tayala lakutsogolo linanyamuka.