Mkodzo ukamathawa potsokomola kapena ponyamula katundu

Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Mtolo wa nkhuni wotsika nawo m'phiri la Zomba nawonso si wopepuka. Anthu amadandaula khosi ndi msana, koma nthawi imene mayi akudzitwika, wagwira mpweya, mimba yauma gwa, mphamvu yonseyo imakankhira pansi, pa minofu imene ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Minofu imeneyi inayalidwa pansi pa chiuno, kuchokera pa fupa la pachinena mpaka pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Pamwamba pake pakhala chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lotulukira chimbudzi, ndipo njira zitatu zimadutsa pakati pake: ya mkodzo, yoberekera ndi ya chimbudzi. Ntchito yake ndi kunyamula ziwalozi, kutseka njirazo, ndi kumasuka nthawi ikakwana. Imafooka ndi mimba, kutchima nthawi yaitali pobereka, mwana wamkulu, kung'ambika, kubereka pafupipafupi, kudzimbidwa, chifuwa chosatha, kunenepa kwambiri, komanso kusiya kusamba. Amayi ambiri amangoti ndi mmene uchembere ulili, n'kuyamba kupinda kansalu. Vutoli ndi lofala, inde, koma mnofu ndi mnofu: umalimba ukaphunzitsidwa.

Choyamba dziwani kuti mkodzo wanu ukuthawa motani, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. Ngati umadontha potsokomola, poyetsemula, poseka, povina kapena podzitwika, ndiye kuti minofu ikulephera kutseka. Ngati umabwera mwadzidzidzi, mwamphamvu, n'kutuluka musanafike kuchimbudzi, nthawi zina pongomva madzi akuthiridwa m'ndowa, vuto lili pa chikhodzodzo chimene chikufinya nthawi isanakwane. Ambiri ali ndi zonse ziwiri. Koma ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osaleka, mutagona kapena mutaima, ndipo zinayamba mutabereka movutikira kapena mutachitidwa opaleshoni, imeneyo ikhoza kukhala fistula, bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Bowo silitsekeka ndi masewera olimbitsa minofu. Limafuna opaleshoni, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo apadera osokera fistula. Yambirani ku chipatala chapafupi kapena ku Zomba Central kuti akuyezeni ndi kukutumizani.

Masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chiuno amadziwika ndi dzina la Kegel, dokotala wa ku America, Arnold Kegel, amene anawalemba mu 1948. Chovuta si kuwachita ayi, koma kupeza mnofu woyenera. Gonani chagada pamphasa, mawondo opinda, mapazi pansi. Yerekezani kuti muli m'tchalitchi ndipo mukuletsa mpweya woipa kutuluka. Tsekani kumbuyoko, kenako kutsogolo ngati mukugwira mkodzo, n'kukokera zonse m'kati ndi m'mwamba. Matako asanyamuke, ntchafu zisapanane, ndipo muzipuma bwinobwino. Kuwerenga mokweza mawu kumathandiza, chifukwa munthu sangawerenge atagwira mpweya. Ngati mukukayika, sambani m'manja, lowetsani chala chimodzi m'njira yoberekera: muyenera kumva chikufinyidwa ndi kukokedwera m'kati. Chikamakankhidwira kunja, mukutchima, ndipo kutchima kumawonjezera vuto.

Mukaupeza, gwirani masekondi atatu, masulani masekondi atatu kapena kuposa, mpaka maulendo 8 kapena 10. Kenako finyani mwachangu ndi kumasula, maulendo 10. Chitani zimenezi katatu pa tsiku. Sabata ndi sabata wonjezerani nthawi yogwira mpaka mufike masekondi 10. Zikayamba kuphweka mutagona, chitani mutakhala pansi, kenako mutaima, popeza mkodzo umathawa mutaima, osati mutagona. Zilumikizeni ndi zinthu zimene simuiwala: poyamwitsa, podikira madzi a nsima kuti awire, mutakhala mu minibasi ya ku Limbe. Palibe amene angaone. Kumasula n'kofunika ngati kufinya, choncho musakudumphe.

Perekani miyezi itatu yathunthu musanagamule kuti sizikuthandiza. Ambiri amaleka pa sabata yachiwiri. Enanso amalakwitsa poyeserera pokodza, kudula mkodzo tsiku ndi tsiku. Zimenezo zimasokoneza chikhodzodzo ndipo zimasiya mkodzo m'kati, umene umabweretsa matenda.

Pali kachinsinsi kamodzi kamene kamathandiza lero lomwe: finyani musanatsokomole, musanayetsemule, musananyamule. Podzitwika, yandikirani ndowa, pindani mawondo, finyani, n'kutulutsa mpweya pamene mukukweza. Ngati pali wina pamjigo, akutwikeni. Mayi amene wangotuluka m'chikuta asasenze ndowa yodzaza kapena mtolo kwa milungu isanu ndi umodzi. Apa mpamene abambo, apongozi ndi achemwali akufunika, osati pa tsiku lotulutsa mwana lokha. Kufinya pang'onopang'ono kungayambe patangopita masiku ochepa chibadwire mwana, ngati sikukupweteka ndipo mulibe paipi ya mkodzo. Za kumanga mimba ndi chitenje: sikulimbitsa minofu ya pansiyi, ndipo mukamanga mothina kwambiri mumangokankhira zonse kumunsi.

Kudzimbidwa kumawononga mwakachetechete, chifukwa kutchima kwa m'chimbudzi ndi kwa tsiku lililonse. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera pa nkhaniyi. Onjezerani nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani, therere ndi papaya. Madzi akhale lita imodzi ndi theka mpaka awiri pa tsiku. Amayi ambiri amachepetsa madzi poopa kudzinyowetsa, koma mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, umayabwa chikhodzodzo ndipo umachulukitsa maulendo. Zoyenera kuchepetsa ndi tiyi, khofi, zakumwa za gasi ndi mowa. Chimbudzi chokumba chili ndi ubwino wake: kunyonyomala kumawongola thumbo. Amene ali ndi chokhalira aike kampando kapena njerwa kumapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno.

Wa mkodzo wobwera mwadzidzidzi aphunzitse chikhodzodzo kudikira. Ukabwera, musathamange. Imani, finyani mwachangu kangapo, pumani, kufuna kukodzako kutsike, kenako yendani modekha. Talikitsani nthawi ndi mphindi 10 kapena 15 sabata iliyonse, mpaka muzitha maola atatu. Kukodza maulendo 6 mpaka 8 pa tsiku n'kwabwinobwino.

Ena amamva kulemera kumunsi, ngati pali chinthu chikufuna kugwa, makamaka madzulo akaweruka kumunda, kapena amakhudza kanyama kotukumuka pakhomo pa njira yoberekera. Chimenecho ndi chiberekero kapena khoma la chikhodzodzo kapena la thumbo litatsika. Si ufiti, si khansa. Chikatsika pang'ono, masewera omwewa kwa miyezi inayi amachepetsa vutoli. Chikatsika kwambiri pali kamkombero kofewa kotchedwa pessary kamene adokotala amaika m'kati kuti kachirikize, ndipo palinso opaleshoni. Mankhwala oika kumaliseche, amene amati amabwezeretsa thupi, amangoumitsa ndi kutupitsa khungu. Kuthina kumene munthu amamvako ndi kutupa, si mphamvu ya mnofu, ndipo khungu louma limachekeka msanga n'kutsegulira njira matenda, HIV yomwe.

Si mayi aliyense amene akufunika kufinya. Ngati kugonana kumapweteka pongoyamba, mkodzo umavuta kuyamba, kapena m'chiuno mumawawa nthawi zonse, mwina minofu ndi yomangika kale. Ameneyo akamachita Kegel ululu umakula. Iye aphunzire kupumira m'mimba mozama ndi kumasula, ndipo akaonane ndi a fizo, akatswiri a zaminofu ku chipatala.

Musadikire miyezi itatu ngati mkodzo ukuwotcha, uli ndi magazi (kwa a ku Kachulu ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ganizirani likodzo), ukukanika kutuluka, chimbudzi chikuthawa, mwataya magazi mutasiya kale kusamba, kapena muli ndi ludzu losatha n'kumakodza usiku wonse, zimene zingakhale shuga. Chifuwa choposa milungu iwiri chikayezedwe TB. Ndipo pa sikelo ya milungu isanu ndi umodzi, anamwino akamaliza kuyeza mwana, auzeni zanunso, ngakhale asanafunse: kuti mkodzo umathawa liti, kangati pa tsiku, ndi kuti zinayamba liti.