Ring'i imene ndinaononga, ndi injini za turbo za ku America

Lachitatu lapitali ndinaononga ring'i ya pisitoni. Aphunzitsi anatipatsa injini yakale ya Toyota yomwe timaphunzirirapo ku wekishopu, n'kutiuza kuti aliyense alowetse ring'i mu silinda, aikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, kenako ayeze kampata ka pakati pa nsonga zake ziwiri ndi feeler gauge, kachipangizo ka timasamba tachitsulo topyapyala toyezera mipata. Yanga inali yothina. Ndinatenga tupa, n'kupala kawiri, n'kuyeza. Inali yothinabe. Mtima unandithamanga, ndinapala kasanu osayezanso. Pobwezera mu silinda, katsamba kamene kankakana kulowa kaja kanangoti lowu, n'kumagwedera.

"Iwe, ukuthamangira kuti? Chitsulo ukachipala sichimeranso," anatero aphunzitsi.

"Pepani aphunzitsi, ndimaona ngati sichikudyeka."

Anaseka, kenako ananena chinthu chomwe chinandisowetsa tulo: ati mpata umenewo pa injini iyi ndi wolakwika, koma kuli anthu ku America amene amaukulitsa dala. Usiku umenewo bandulo yanga yonse inathera pa nkhaniyi.

Anthu ake ndi aja amapanga galimoto zothamanga ndi ndalama zochepa. Amatenga galimoto yakale ya mtundu wa muscle car, zija za injini zikuluzikulu zamphamvu, kaya Chevrolet Nova, kaya Camaro, ena mpaka Ford Mustang, n'kuikamo injini ya V8, ya masilinda 8, yogula kumalo ogulitsirako galimoto zakutha. Injini yomwe amaikonda ndi ya banja la LS la kampani ya General Motors. Yoyamba, LS1 ya malita 5.7, inatuluka mu Corvette ya 1997, koma imeneyo ndi yodula. Zotchipa ndi abale ake a malita 4.8 ndi 5.3 omwe ankaikidwa m'mapikapu a Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra kuyambira 1999. Mapikapu amenewa anagulidwa ochuluka zedi, ndiye akatha kapena akachita ngozi, injini zake zimangoti mbwee.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti injini yopangidwira kukoka ngolo ndi kunyamula katundu ndiyo imapirira turbo. Buloko yake ndi ya chitsulo, osati aluminiyamu, ndipo kapu iliyonse yogwira crankshaft imamangidwa ndi mabawuti 6, anayi ochokera pansi, awiri ochokera m'mbali. Mu 2011 magazini ya Hot Rod inafalitsa mayeso a Richard Holdener, amene anamangirira ma turbo awiri pa injini yotere kuti aone pamene iphulikire. Inapitirira 1,200 horsepower, mapisitoni ndi ma rod ali omwewo a ku fakitale. Choseketsa n'chakuti ankayesa kuti ndi 5.3, koma ataimasula anapeza kuti ndi 4.8. Kusokoneza kwake n'kosavuta, chifukwa zonse ziwiri silinda yake ndi ya mamilimita 96 mulifupi. Zimasiyana pa ulendo wa pisitoni: mamilimita 83 pa 4.8, ndi 92 pa 5.3. Anasinthako zina za pamwamba, inde, koma m'kati mwenimwenimo chachikulu chimene anachita chinali kukulitsa mpata wa maring'i.

Apa ndiye ndinakhala tsonga. Turbo imazungulitsidwa ndi utsi wa ku ekizozi, n'kumakankhira mpweya wambiri mu silinda. Mpweya umene timapumawu umapanikiza ndi mphamvu ya 14.7 psi m'mphepete mwa nyanja yamchere, choncho turbo ikawonjezera 14.7 ina, injini imameza mpweya pafupifupi kawiri kuposa kale. Mpweya wambiri umafuna petulo wambiri, ndipo moto wake umakula. Moto ukakula ring'i imatentha n'kutalika. Ngati kampata kaja kali kochepa, nsonga ziwiri zija zimagundana, ring'i imasowa kolowera, imakanirira ku khoma la silinda, kenako imabenthula m'mphepete mwa pisitoni. Injini yonse kutha chifukwa cha mpata wosakwana ndi milimita imodzi yomwe! Pa injini wamba amasiya pafupifupi 0.004 inchi pa inchi iliyonse ya mulifupi mwa silinda. Pa ya turbo amafika cha pa 0.006 kapena 0.007. Ndinawerengetsa pa kope langa: pa silinda ya mamilimita 96, zimenezo ndi pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.7. Ring'i yanga yoonongeka ija ikanakhala ndi abale kumeneko.

Nambala ya 14.7 yomweyi inandisokoneza kwa kanthawi, chifukwa imapezekanso pa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo: magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Zinangofanana mwangozi, palibe ubale. Injini ikakhala pa boost, kutanthauza kuti turbo ikukankhiramo mpweya wowonjezera, amaithirira petulo wochulukirapo, cha m'ma 11.5 kapena 12 pa 1, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsa m'kati. Petulo akachepa, kapena spaki ikafulumira kwambiri, mafuta amaphulika okha nthawi isanakwane, ndipo injini imalira ngati mwaponyamo timiyala. Ndiko kugogoda kumene kumaswa mapisitoni.

Vuto limeneli si la lero. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa nzeru ya turbo mu 1905, koma galimoto za anthu wamba zinailandira mu 1962, pa Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder. Jetfire inali ndi kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol, otchedwa Turbo-Rocket Fluid, oti aziziziritsa mpweya kuti injini isagogode. Eni galimoto ankaiwala kuthiramo, galimoto n'kufooka, ndipo patangopita zaka ziwiri anasiya kuipanga. Pofika 1987 zinthu zinali zitasintha: Buick GNX, ya V6 ya malita 3.8 yokhala ndi intercooler (chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ndi kompyuta yoyang'anira mafuta, inkasiya m'mbuyo ma V8 ambiri a nthawiyo. Anapanga 547 zokha.

Kunena zoona, mawu oti "zotchipa" ndawakayikira. Injini ndi turbo ya ku China n'zotchipadi, koma m'mavidiyo ambiri amadumpha mndandanda wotsatira. Ma injector a pikapu, opoperera petulo mu injini, sakwanitsa, pampu ya petulo nayo iyenera kusinthidwa. Pafunika wastegate yotaya utsi wina kuti boost isapitirire muyeso, intercooler, mapaipi owotcherera, ndi munthu wodziwa kukonza pulogalamu ya mu kompyuta ya injini. Giyabokosi ya 4L60E imene imabwera ndi mapikapu ambiriwa sichedwa kugonja, n'chifukwa chake ambiri amasaka 4L80E. Za mabuleki ndi matayala sindikuziwerengera n'komwe, chonsecho galimoto ya m'ma 1970 inapangidwira theka la mphamvu zimenezo kapena kucheperapo. Ine munthu amene amalemera ndi turbo n'kusiya mabuleki akale sindingakwere naye.

Kuno kwathu V8 ya Silverado simungaitole pa sikirapu, ndipo ndi mtengo wa petulo uwu palibe amene angaifune. Koma ma turbo tili nawo tsiku ndi tsiku pa ma Hilux a D-4D ndi malole a dizilo, ndipo amafika ku garaja atapsa chifukwa cha oyilo wakale kapena fyuluta yotsekeka. Kale intercooler ndinkangoiona ngati radiyeta yachiwiri yosadziwika ntchito. Pano ndikudziwa kuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, wotentha umapepuka, ndipo kachipangizo kameneko ndiko kamaubweza m'malo mwake.

Lachisanu ndinapita ndi kope langa kwa aphunzitsi kukawaonetsa masamu a 0.6 ndi 0.7 aja. Anayang'ana, anagwedeza mutu, n'kundifunsa kuti nanga mpata ukakula chonchi pa injini yopanda turbo chimachitika n'chiyani. Ndinayankha kuti mpweya umathawira pansi ku sampu, mphamvu imachepa, oyilo amada msanga. Anandipatsa ring'i ina, yomaliza m'bokosi, ndi tupa yemweyo. Ndinapala kamodzi, kuyeza, kupala kamodzi, kuyeza. Zinanditengera mphindi 40, ndipo anzanga anali atapita kale kukadya chipisi pa chiwaya.